Mowa wa m'migolo wa ku Belgium: pamene hops akumana ndi yisiti wamtchire

Munthu amene anazolowera mowa wa lager, uja wokoma chimodzimodzi kaya mwaugula lero kaya mwezi wamawa, amakwinya nkhope akanunkhiza koyamba mowa wa ku Belgium umene wakhala zaka m'migolo ya matabwa. Fungo lake limakumbutsa chikumba chouma, udzu wa m'khola la mahatchi ndi makoko a mandimu, moti ambiri amabweza tambula n'kunena kuti mowawo wasasa. Pa ntchito yanga yolawa ndi kuyesa mowa ndamva mawu amenewa kambirimbiri, ndipo ndimayankha kuti fungolo ndi limene wofulula ankalifuna, ndipo analidikira moleza mtima.

Mwini fungoli ndi yisiti wamtchire wotchedwa Brettanomyces. Amene anamufotokoza ndi Niels Hjelte Claussen wa ku Carlsberg, mumzinda wa Copenhagen, m'chaka cha 1904, pamene ankafufuza chimene chinkapatsa mowa wokhalitsa wa ku England kakomedwe kake, ndipo dzinalo limanena za Britain pa chifukwa chimenechi. Ndi Carlsberg yomweyi imene inatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, ngakhale kuti mowa wa kumeneko ndi wa yisiti woweta basi. Yisiti woweta amadya shuga wosavuta m'masabata ochepa kenaka n'kudikha pansi, pamene wamtchireyu amapitiriza kudya pang'onopang'ono shuga wolimba amene mnzakeyo wamulephera, kwa miyezi ngakhale zaka, mpaka mowa utsale wopanda kutsekemera kulikonse.

Chitsanzo chabwino ndi mowa wotchedwa Iris, wa banja lofulula la Cantillon, limene lakhala pa ntchitoyi ku Anderlecht, mu Brussels, kuyambira 1900. Iwo sathira yisiti wogula. Madzi a chimera akawira, amawatsanulira m'chibeseni chachikulu chosaya cha kopa chimene chili m'chipinda cha pamwamba, n'kuwasiya usiku wonse kuti azizire pamene tizilombo ta mumpweya tikugweramo, ndipo amachita zimenezi m'miyezi yozizira yokha, kuyambira cha kumapeto kwa Okutobala mpaka cha mu Epulo. M'mawa madziwo amalowa m'migolo yakale, yambiri mwa iyo inasungapo vinyo. Amene anaonapo mayi wofulula masese akukakamira mbiya yake yakale amvetsa msanga mfundoyi, chifukwa chotengera chimene chafululirapo nthawi zambiri chimasunga tizilombo tothandiza m'timing'alu take.

Mowa wa masiku onse wa mtundu umenewu, wotchedwa lambic, umakhala ndi tirigu wosamera pamodzi ndi chimera cha balere, ndipo hops wake (maluwa a chomera china amene amapatsa mowa kuwawa ndi fungo) amakhala wakale, wosungidwa pafupifupi zaka zitatu kuti kuwawa ndi fungo zithe, kutsale mphamvu yoteteza mowa yokha. Iris, amene anatuluka koyamba mu 1998, anapatuka pa mwambowu. Chimera chake ndi cha balere chokha, theka la hops wake ndi watsopano, ndipo mowa ukatha zaka ziwiri mu mgolo amaviikamonso hops wina watsopano kwa masabata awiri asanauthire m'mabotolo.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse kwa wolawa. Mafuta onunkhira a hops sakhalitsa, amazilala m'miyezi yochepa, koma yisiti wamtchire uja amalowa wamoyo m'botolo ndipo ntchito yake imanka ikukula. Choncho mabotolo awiri a dzina limodzi, lina la miyezi itatu ndi lina la zaka zitatu, amakoma ngati mitundu iwiri ya mowa. Zimenezi zimaoneka bwino pa mowa wa Orval, wofululidwa pa nyumba ya amonke kum'mwera kwa Belgium kuyambira 1931, umene sulowa m'migolo ya matabwa koma uli ndi hops woviika ndi Brettanomyces, ndiponso pa botolo lake amalembapo tsiku limene unathiridwa. Ukadali waung'ono umanunkhira maluwa ndi makoko a malalanje, ndipo umawawa ndithu. Ukapyola chaka, maluwa aja amabwerera m'mbuyo, kutsogolo kumabwera chikumba ndi zipatso zopsa kwambiri. Malo ena omwera ku Belgium amagulitsa watsopano ndi wokhalitsa padera, kuti kasitomala asankhe yekha. Ine ndimati choyamba kuwerenga ndi tsikulo, dzina la mowa pambuyo.

Kalawidwe kake sikovuta, koma kamafuna kudekha. Botolo liime chilili kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti nsenga zikhale pansi, ndipo mowa usazizire ngati lager, chifukwa kuzizira kwambiri kumatsekera fungo. Madigiri 12 mpaka 14 ndi okwanira. Tsanulirani pang'onopang'ono m'tambula yotambasuka kukamwa, n'kusiya mowa wokwana ngati chala chimodzi pansi pa botolo. Nunkhizani thovu likadali pamwamba, kenaka dikirani mphindi zingapo n'kununkhizanso, popeza fungo la hops limatuluka loyamba ndipo la khola lija limabwera mowa ukayamba kufunda.

M'kamwa muyesetse kulekanitsa kuwawa ndi kuwawasa, zinthu ziwiri zimene olawa atsopano amazisokoneza. Kuwawa n'kwa hops, ndipo kumatsalira nthawi yaitali mukameza. Kuwawasa konga kwa chambiko kumachokera ku mabakiteriya, osati kwa yisiti wamtchire monga ambiri amaganizira, ndipo popeza hops amafooketsa mabakiteriya amenewa, mowa wa hops wambiri kawirikawiri suwawasa kwambiri. Za mgolo, musayembekezere kumva mtengo mwamphamvu. Mgolo wakale unataya kale kakomedwe kake, ndipo ntchito yake ndi kukhala nyumba ya tizilombo ndi kulowetsa mpweya pang'onopang'ono. Ofulula ena amakono amakonda migolo imene yangotuluka kumene kachasu wa whisky, ndipo m'kuona kwanga fungo la vanila limakwirira zonse zimene yisiti anavutikira.

Kuonongeka kwenikweni kulipo, ndipo kumadziwika. Viniga wochepa ndi wovomerezeka, koma akafika poluma pakhosi, kapena fungo likafanana ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, ndiye kuti mgolo unalowa mpweya wochuluka. Fungo la katoni yonyowa limasonyeza kuti botolo linasungidwa moipa. Kutentha nakonso n'koopsa, chifukwa kumafulumizitsa yisiti m'botolo lotsekedwa. Ndinatsegulapo botolo limene linakhala miyezi ingapo m'kabati yofunda, ndipo chotsekera chitangosuntha, thovu linafwamphuka n'kuvundula nsenga zonse, moti m'tambula munatsala mowa wa matope wosakwana theka.