Makina othyolera tiyi asanachuluke, tiphunzitse othyolawo

Mu 2023 anthu a ku Kericho, m'dziko la Kenya, adatentha makina othyolera tiyi poona kuti akuwalanda ntchito. Ine ntchito yanga ndi yophunzitsa antchito kuno ku Thyolo, ndipo nkhaniyi imandisowetsa mtendere, chifukwa makina amodzi ogwiridwa ndi anthu ochepa amamaliza munda umene ukanafuna gulu lonse la othyola ndi manja. Kampani ikawerengera ndalama, tikudziwa kumene idzapendekere.

Komatu makinawo alibe maso. Amangometa chilichonse: masamba anthete, okhwima, ngakhale timitengo. Mayi amene wathyola tiyi zaka 15 amadziwa masamba awiri ndi kansonga asanawakhudze n'komwe, amadziwanso tchire limene lapsa ndi dzuwa kapena lagwidwa ndi tizilombo. Luso limenelo ndi lofunika posankha masamba asanalowe m'fakitale, komanso potchera mpeni wa makina kuti usadule pansi kwambiri n'kuononga tchire. Chimene chimandipweteka n'chakuti ntchito zatsopanozi zikabwera, kawirikawiri amaitana mnyamata wa satifiketi wochokera kutauni, mayi uja n'kumuuza kuti ntchito yatha.

Mayiyo akusowa zinthu zochepa: kuwerenga manambala a pa sikelo yamagetsi, kulemba makilogalamu pa foni, kunola mpeni, kusakaniza petulo ndi oyilo, ndi kudziteteza kuti asavulale. Izi munthu amaziphunzira m'masabata, osati zaka. Nthawi iliponso. Tiyi amachuluka ndi mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo. Chilimwe ntchito imachepa ndipo aganyu ambiri amakhala pakhomo. Miyezi imeneyo ndiyo ya maphunziro.

Nanga ndalama? Olemba ntchito amapereka kale 1 peresenti ya malipiro a antchito awo ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja limene lidakhazikitsidwa mu 1999. Mabwana a m'maesiteti apite akafunse kuti maphunzirowa angathandizidwe bwanji. TEVETA ilinso ndi njira yoyesa luso limene munthu adaphunzira pa ntchito n'kumupatsa satifiketi, ndipo amakaniko athu ambiri ophunzirira pa galaja akuyenera kuidziwa.

Kwa inu a mabungwe a antchito, pokambirana za malipiro chaka chino, funsaninso kuti makina adzafika liti, ndi angati, ndipo mayina a amene adzayambe kuphunzitsidwa alembedwe pa pepala, amayi ali momwemo.