Palibe bala, koma magazi akutayikira m'mimba

Ngozi ya njinga yamoto ya kabaza, ya minibasi, kugwa mumtengo wa mango kapena kumenyedwa pamimba, zonsezi zimatha kung'amba chiwindi, kapamba kapena impso, khungu lili bwinobwino. Kapamba wa munthu wodwaladwala malungo amakhala wotupa kale, sachedwa kuphulika.

Chimene chikutidetsa nkhawa ife a kuchipatala ndi mawu aja akuti, "Wangosupuka pang'ono, tiona mawa." Mawa lake liti? Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo malita 2 akhoza kutayikira m'mimba popanda dontho looneka kunja. Munthu amadzuka pamsewu, n'kusasa fumbi, kucheza bwinobwino, koma pofika usiku wakomoka.

Kuchipatala timaunika ndi makina a sikani, omwe aja timaunikira amayi oyembekezera. Inde bambo, nanunso tidzakuunikani, palibe chamanyazi. Timapaka mafuta ozizira pakhungu n'kuyendetsa kachipangizo malo anayi: pansi pa nthiti kumanja, kumanzere, pachinena, ndi pachifuwa kuti tione mtima. Magazi otayikira mkati amaoneka ngati kamzere kakuda pakati pa chiwindi ndi impso. N'zamphindi zochepa chabe. Makinawa sapweteka, sayamwa magazi, safupikitsa moyo. Tikaona magazi, BP nayo ikutsika, wodwalayo timathamangira naye kufiyeta, kuchipinda cha opaleshoni.

Sikani yoyamba nthawi zina sionetsa kanthu, makamaka magazi akamadontha pang'onopang'ono kapena likakhala thumbo lomwe labooka. N'chifukwa chake timakugonekani kuti tiunikenso. Musanyamule chikwama n'kuthawa muwodi poti "makina anena kuti ndili bwino."

Mukaona zikope zayera mkati, thukuta lozizira, ludzu losatha, chizungulire, mtima ukuthamanga, mimba yauma gwa, kapena phewa lakumanzere likuwawa pomwe silinagundidwe, ndiye kuti nthawi ikutha. Koma musadikire zimenezi. Wagundidwa pamimba kapena m'nthiti, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Musamuthowe ndi madzi otentha, musamuteme mphini, musamupatse asipirini. Ngakhale alirire madzi, musamumwetse, phala ayi, chifukwa mwina apangidwa opaleshoni. Mugonekeni, mumufunditse, pezani galimoto. Za kupolisi ndi zokambirana ndi wakabaza uja zibwera pambuyo. Ngati chipatala chapafupi chilibe makina ndipo chakutumizani ku chipatala chachikulu, pitani nthawi yomweyo, osadzera kunyumba. Achibale musatalikire, mwina pafunika opereka magazi.