Mankhwala akasowa m'madzi, kodi poizoni wathadi?

Anthu akangomva kuti ntchito yanga ndi yoyeza madzi mu labu, funso limene limabwera msangamsanga ndi lakuti madzi akalowa mankhwala opopera mbewu aja tiwawiritse kapena tingothiramo klorini. Abale anga, zonse ziwirizi sizingakupulumutseni. Kuwiritsa kumapha majeremusi, zimenezo nzoona, koma mankhwala ambiri ophera tizilombo ndi udzu sachoka chifukwa choti madzi abwata ayi, chimene chimathawa ndi nthunzi basi mankhwalawo nkutsala momwemo. Klorini nayenso ntchito yake ndi majeremusi, ndipo pena amachita kuonjezera vuto, mwachitsanzo chlorpyrifos akakumana ndi klorini amasanduka chlorpyrifos-oxon, amene ndi waukali kuposa kholo lakelo.

Muone kaye kuchepa kwa zimene tikukambazi. Malamulo a European Union amati m'madzi akumwa mtundu umodzi wa mankhwala oterewa usapitirire 0.1 microgram pa lita (microgram ndi galamu yogawidwa ka miliyoni), ndipo onse kuphatikiza pamodzi asapitirire 0.5. Ndiye kuti galamu imodzi yokha ikhoza kufikitsa malita 10 miliyoni pa malire amenewo. Nde tangoganizani madzi otsukira sipuleya, kapena otsukuluzira zigubu za mankhwala, kapena otuluka mu fakitale yopanga mankhwalawo mmene amakhalira. Mabakiteriya amene timawadalira poyeretsa madzi oipa amalephera kudya mankhwala ambiri otere, ena amafa nawo kumene. Makala osefera aja a activated carbon amagwiradi ntchito, sindikukana, koma amangosamutsa poizoni kuchoka m'madzi kupita m'makalamo, mawa mudzafunikabe kuganiza zochita ndi makalawo.

Nchifukwa chake ine njira ya kuwala ndimaikonda, iyoyo siisamutsa, imaphwanya molekyu yeniyeniyo. Pali ufa woyera wotchedwa titanium dioxide, womwewo umene umayeretsa penti komanso umapezeka m'mafuta odzitetezera ku dzuwa. Mu 1972 Akira Fujishima ndi Kenichi Honda a ku Japan anaonetsa kuti titanium dioxide ikaombedwa ndi cheza cha UV, chimene maso sachiona, imatha kugawa madzi, ndipo pasanapite zaka zambiri anthu anaona kuti mphamvu yomweyo ingaphwanye zoipa za m'madzi. Zimayenda chonchi: cheza chikamenya kanjere ka ufawo, elekitironi imadumpha pamalo pake nkusiya mpata, mpata umenewo umalanda elekitironi kwa madzi amene agundana nawo, nde pamabadwa kanthu kotchedwa hydroxyl radical. Kanthu kameneka nkolusa zedi, mphamvu yake yolanda maelekitironi ndi pafupifupi 2.8 V pamene klorini ali pa 1.36 V, sikasankha, molekyu iliyonse imene ili pafupi kamaiduladula, ndipo zikapitirira mpaka kumapeto chotsala ndi mpweya wa carbon dioxide, madzi ndi timchere tochepa. Ufawo suutha, umagwira ntchito mobwerezabwereza.

Vuto lake ndi lakuti titanium dioxide imadzuka ndi cheza chimene kutalika kwa mafunde ake sikupitirira pafupifupi 387 nm (nanomita), kutanthauza UV, ndipo UV ndi kagawo kochepa kwambiri ka kuwala kwa dzuwa, cha m'ma 5 pa 100 kapena kuchepera. Komanso ufawo ndi wosalala mopitirira, mukauthira madzi amayera mbee, kuti muuchotsemo mukamaliza ndi ntchito ina payokha. Ena amaumata pa galasi kuti usamayandame, koma akatero liwiro limatsika.

Njira yachiwiri ndi yakale kuposa pamenepo. Mu 1894 Henry Fenton anapeza kuti ayironi akasakanizidwa ndi hydrogen peroxide zimaphwanya tartaric acid, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti wogwira ntchitoyo ndi radical yemwe uja. Mukaonjezera kuwala, zimene timazitcha photo-Fenton, ayironi amene watopa amabwezeretsedwa mwakale nkuyambiranso, ndipo njirayi imagwiritsako ntchito ngakhale kuwala kooneka ndi maso, nchifukwa chake padzuwa nthawi zambiri imathamanga kuposa titanium dioxide. Koma imafuna madzi a asidi, pH (muyezo wa asidi) cha pa 2.8, kupanda kutero ayironi amagwa pansi ngati matope ofiirira ntchito nkuima. Amene anakhwima pa zimenezi ndi a ku Plataforma Solar de Almería, malo ofufuzira za mphamvu ya dzuwa m'chigawo cha Almería ku Spain, dera lodzaza ndi magreenhouse a pulasitiki kumene mankhwala opopera amagwiritsidwa ntchito kwambiri. Kumeneko madzi amapopedwa kudutsa m'mapaipi a galasi amene pansi pake pali aluminiyamu wopindika wobwezera dzuwa pa paipipo, nkubwerera mu thanki, nkuzunguliranso, mpaka ntchito itatheka.

Tsopano apa ndi pamene mtima wanga uli. Mukatenga sampulo pakatha maminitsi angapo nkuiika mu makina a HPLC, oyeza kuchuluka kwa mankhwala m'madzi, mumaona mzere wa mankhwala aja ukutsika, ukutsika, mpaka zii, osaonekanso. Munthu amasangalala, amalemba ripoti kuti tachotsa 99 pa 100. Komatu makinawo amaona chimene mwawatuma kuti afufuze basi. Molekyu ya mankhwala ikangodulidwa pamalo amodzi dzina lake lasintha kale, makina sakuidziwanso, koma zidutswa zake zili m'madzi momwemo. Zili ngati botolo la galasi, mukaliphwanya botolo palibedi, koma ponda pamenepo wopanda nsapato uone.

Ndipo sizongoopsezana ayi, zitsanzo zilipo zodziwika bwino. Mankhwala a gulu la organophosphate monga parathion, malathion, diazinon ndi chlorpyrifos ali ndi atomu ya sulfur yolumikizana ndi phosphorus, nde radical akachotsa sulfur uja nkuikapo okosijeni mumapeza paraoxon, malaoxon, diazoxon ndi anzawo, ndipo amenewa ndi amene amatseka mwamphamvu enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'thupi) ya acetylcholinesterase imene minyewa ya tizilombo, ya nsomba ndi yathu yomwe imadalira. Ndiye kuti pakatikati pa ntchitoyo madzi akhoza kukhala oopsa kuposa mmene analili poyamba. Diuron, wopha udzu, amatha kusiya 3,4-dichloroaniline amene amavulaza zamoyo za m'madzi. Atrazine, amene European Union inamuchotsa pa mndandanda wa ololedwa mu 2004, ali ndi khalidwe lina: mbali zake zimadulidwa msanga koma mphete ya pakati ndi yolimba, ndi titanium dioxide imakathera pa cyanuric acid nkukakamira pomwepo. Mwayi wake cyanuric acid alibe ukali kwambiri, koma muone kuti kusowa kwa dzina ndi kutha kwa chinthu ndi nkhani ziwiri zosiyana.

Nde kuti tidziwe zimene zatsaladi, timayeza TOC, kutanthauza kaboni yense wa zinthu za organic amene watsala m'madzi, ndipo nthawi zambiri mumapeza mankhwala asowa kalekale koma TOC wangotsika pang'ono. Makina a LC-MS, amene amazindikira mamolekyu poyeza kulemera kwawo, amathandiza kuzindikira zidutswa zina, koma palibe labu imene ingatchule zonse, ndipo ngakhale itatchula singakuuzeni kuti zikasakanikirana zimachita chiyani m'thupi la chamoyo. Pamenepo palibe kuchitira mwina, timafunsa zamoyo zenizeni.

Mayeso achangu kwambiri ndi a bakiteriya wa m'nyanja ya mchere wotchedwa Aliivibrio fischeri, amene amawala yekha akakhala bwino. Mumathira mchere mu sampulo kuti ufike 2 pa 100, mumasunga pa 15 °C, mumaikamo mabakiteriya nkuyeza kuwala kwawo pakatha maminitsi 15 kapena 30, kukazilala ndiye kuti pali chimene chikuwapweteka. Ndi njira yovomerezeka padziko lonse yotchedwa ISO 11348, yabwino chifukwa masampulo ambiri mumawamaliza tsiku lomwelo. Koma bakiteriya alibe minyewa, choncho mankhwala amene amapha pogwira minyewa akhoza kumudutsa iye akuwalabe bwinobwino, ndipo ine ripoti limene layeza bakiteriya yekha nkunena kuti madzi ali bwino sindimalikhulupirira.

Amene ndimamudalira pa mankhwala ophera tizilombo ndi Daphnia magna, kanyama kakang'ono ka m'madzi opanda mchere, thupi lake loonekera mkati moti pa maikulosikopu mtima wake mumauona ukugunda. Malinga ndi njira ya OECD 202, imodzi mwa njira zoyezera zimene linalemba bungwe la mayiko la OECD, timatenga tiana tosakwana maola 24, tokwana 20 pa mlingo uliwonse wa sampulo, nthawi zambiri tisanutisanu m'tikapu tinayi, osatidyetsa, nkudikira maola 48. Kuwerenga kwake kumafuna kudekha: mumagwedeza kakapuko pang'onopang'ono, mumayang'ana masekondi 15, kamene kalephera kusambira mumakawerenga kuti kagwa ngakhale tinyanga take tikugwederabe. M'madzi abwino oyerekezera, opanda sampulo, timadumphadumpha uku ndi uku, m'madzi a poizoni tangoti phee pansi pa kapu, ndipo zimakhudza mtima kuona kuti nthawi zina togwa kwambiri ndi ta mu sampulo ya pakati pa ntchito, imene makina anati mankhwala atha. M'madzi oyerekezerawo tikagwa topitirira 10 pa 100, mayeso onse ndi otayika, mumayambiranso. Pa manambalawo timapeza EC50, mlingo umene wagwetsa theka la tinyamato, ikakhala yaying'ono ndiye kuti poizoni ndi wamkulu.

Mankhwala opha udzu ngati atrazine ndi diuron amatseka njira imene zomera zimapangira chakudya ndi dzuwa, nde woyenera kumufunsa ndi ndere, timayeza kukula kwake kwa maola 72 potsata OECD 201. Palinso mazira a nsomba ya zebrafish kwa maola 96 pa OECD 236, komanso mbewu za letesi zimene mumangoyeza kumera ndi kutalika kwa mizu, izi labu yopanda zida zambiri imakwanitsa.

Chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu ambiri: musanapereke madzi a photo-Fenton kwa zamoyozi muyenera kuchotsa hydrogen peroxide wotsala, nthawi zambiri ndi enzyme ya catalase, kubwezeretsa pH cha pa 7, ndi kusefa ayironi kapena ufa uja. Mukaiwala, Daphnia adzafa ndi peroxide kapena asidi wanu, inu nkumanamizira zidutswa za mankhwala. Chinanso, zotsatira za m'madzi oyera a mu labu musamazitenge ngati za kumunda. Madzi enieni amakhala ndi bicarbonate, chloride ndi zoola za masamba zimene zimadya ma radical asanafike pa mankhwala, akakhala ovunduka cheza sichilowa nkomwe, komanso mankhwala ogulitsidwa amabwera ndi zosungunulira ndi zomatitsa zimene nazonso zili ndi ukali wake.

Nanga pampu tiizimitse liti? Kudikira kuti kaboni yense asanduke mpweya kumadya nthawi ndi peroxide wambiri, kuzimitsa msanga nkoopsa monga taonera. Chimene akatswiri ambiri amachita, ndipo ine ndimagwirizana nacho, ndi kutenga masampulo pa nthawi zosiyanasiyana, kuyeza mankhwala, TOC ndi poizoni pa sampulo iliyonse, nkupeza pamene ukali wadutsa pachimake nkutsika ndipo zotsalazo zasanduka tiasidi ting'onoting'ono monga acetic, formic ndi oxalic timene mabakiteriya angathe kudya. Mayeso a Zahn-Wellens, OECD 302B, kapena kuyerekeza BOD (okosijeni amene mabakiteriya amagwiritsa ntchito podya zotsalazo) ndi COD (okosijeni wofunika kuti zonse ziphwanyidwe ndi mankhwala a mu labu), amatiuza ngati tafikadi pamenepo. Kuyambira apo madzi amapita mu thanki ya mabakiteriya kuti amalizitse motsika mtengo, ndipo otuluka kumapetoko amabwereranso kwa Daphnia ndi ndere paipi yopita kumtsinje isanatsegulidwe.