Kuwirikiza ndalama mukaluza sikubweza zomwe zapita

Pakati pa obetcha pa mipikisano ya mahatchi pali chikhulupiriro chakalekale: ukaluza, wirikiza kawiri ndalama yobetchera, tsiku lopambana zonse zidzabwerera. Zimamveka zanzeru, koma tawerengerani. Mwayamba ndi 100, kenako 200, 400, 800. Mukaluza kakhumi motsatizana, mwataya 102,300, ndipo pafunika 102,400 ina kuti mupitirize. Mukapambana pa kubetcha kobweza kawiri, phindu lanu ndi 100 yokhayo ija. Thumba limatha msanga, komanso makampani obetchetsa amaika malire a ndalama yomwe angalandire.

Ena amati kuluza kakhumi n'kosatheka ngati ukutsata hatchi yomwe ambiri akuidalira. Ayi ndithu. Hatchi yoteroyo imapambana pafupifupi mpikisano umodzi mwa itatu. Pa mipikisano ya handicap ndiye zimavutirapo, chifukwa hatchi yaliwiro amaisenzetsa dala katundu wolemerapo, tizitsulo ta mtovu pansi pa chishalo, kuti ifanane mphamvu ndi zinzake. Ndipo hatchiyo sidziwa kuti munaluza dzulo.

Odziletsa amapatuliratu ndalama yomwe itapita sangadandaule, n'kumabetcha kagawo kochepa kosasintha, monga 1 kapena 2 peresenti.