Wosewera mpira akatenga pakati, timu ingamuchotse? Mafunso ndi mayankho pa lamulo la FIFA

Kuno ku Mchinji amayi ndi atsikana omenya mpira alipo ndithu, kaya ku Boma, ku Kamwendo, ku Mkanda kapena ku Waliranji, pakakhala bonanza mumawaona. Koma pali chinthu chimodzi chimene tonse tinangochizolowera, puleya wabwino amangosowa pa galaundi, mukafunsa akuti ali ndi pakati, basi nkhani yathera pompo, palibe amene amamuyembekezeranso kuti adzabwerera. Anthu ambiri, ngakhale makochi amene, sadziwa kuti pa nkhani imeneyi pali lamulo lolembedwa. Nde ndasonkhanitsa mafunso amene makolo, makochi ndi osewera eni ake amakonda kufunsa.

Lamulo lake ndi liti ndipo linayamba liti?

Ndi la FIFA, bungwe loyendetsa mpira pa dziko lonse, limene FAM yathu ili pansi pake. Analivomereza mu December 2020 n'kuyamba kugwira ntchito mu January 2021. Lili mkati mwa malamulo akuluakulu aja onena za makontirakiti ndi kugulitsana kwa osewera. Mutu wake ndi woti wosewera wamkazi amene ali pa kontirakiti akakhala woyembekezera ali ndi ufulu wa tchuthi cha uchembere cholipidwa, komanso malo ake mu timu amusungire. Ndipo sanalembere ma timu a ku Ulaya okha ayi, mabungwe onse a m'maiko akuyenera kuliika m'malamulo awo.

Tchuthicho ndi chotalika bwanji, nanga ndalama?

Masabata 14 osachepera, ndipo mwa amenewo masabata 8 ayenera kukhala a pambuyo pochira. Nthawi yonseyo timu izimulipira magawo awiri mwa atatu a salale yake. Tiyerekeze kuti kontirakiti ikuti K150,000 pa mwezi, ndiye kuti ali pa tchuthi azilandira K100,000. Manambala amenewa FIFA sinangowalota, anatengera pangano la bungwe la za ntchito la ILO la chaka cha 2000 limene limanenanso masabata 14 ndi magawo awiri mwa atatu.

Pano pali kanthu kofunika kukamvetsa bwino. Lamulo la za ntchito la ku Malawi kuno limapatsa mayi masabata 8 ndi malipiro onse athunthu, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. La FIFA likupereka masabata ochuluka koma ndalama ya pa mwezi yotsikirako. FIFA inanena kuti zake ndi poyambira chabe, ngati lamulo la dziko lili ndi zokomera wosewera kuposa pamenepo zitsatidwe zimenezo. Ndiye timu isabwere ndi nzeru zosankha masabata 8 a boma n'kuphatikiza ndi ndalama yodula ya FIFA, kutenga zoipa zokhazokha mbali zonse ziwiri, zimenezo ndi kuba.

Akangodziwa kuti ali ndi pakati asiye pompo kusewera?

Wosankha ndi iyeyo, osati kochi kapena tcheyamani. Akafuna kupitiriza kutrena ndi kusewera atha kutero bola adokotala atsimikize kuti palibe chiopsezo kwa iye ndi mwana. Akaona kuti mpira wamukulira, atha kugwira ntchito ina mu timu momwemo, mwina kuthandiza pa benchi kapena kuphunzitsa timu ya ana, n'kumalandira salale yonse. Ndipo ngati adokotala anena kuti apumiretu chifukwa cha thanzi, timu imulipirabe yonse mpaka tsiku loyamba tchuthi chija. Ine langizo langa ndi loti za mimba tisamazitengere kwa anzathu a pa galaundi, mpira uli ndi kugundana, kugwa, mpira wa pamimba, pitani ku sikelo msanga mukamve kwa anamwino.

Nanga timu ikangomuchotsa mwakachetechete?

Apa mpamene lamuloli lili ndi mano. Timu ikathetsa kontirakiti nthawi imene puleya ali woyembekezera kapena ali pa tchuthi, oweruza amayamba ndi kuganiza kuti yamuchotsa chifukwa cha mimbayo, ndipo ndi timuyo imene iyenera kubweretsa umboni woti panali chifukwa china. Wosewera sakuyenera kuvutika kutsimikizira kanthu. Timu ikalephera kubweretsa umboniwo, imulipira ndalama za kontirakiti imene yatsala, kuonjezerapo salale ya miyezi 6 pamwamba, komanso imaletsedwa kulembetsa osewera aakazi atsopano kwa misika iwiri yotsatizana, msika kukhala nyengo imene ma timu amaloledwa kugula ndi kulembetsa osewera. Kwa timu yolimbirana ligi, kukhala misika iwiri osagula munthu ndi chilango chowawa kuposa ndalamazo.

Zinayamba zagwirapo ntchito kapena ndi za papepala chabe?

Zinagwirapo, ndipo pa timu yaikulu. Sara Björk Gunnarsdóttir wa ku Iceland anali ku Lyon ya ku France, timu imene yatenga chikho cha Ulaya cha amayi kambirimbiri kuposa ina iliyonse, yomweyo imene Tabitha Chawinga anapitako mu 2024. Anatenga pakati mu 2021, timu inasiya kumulipira salale yonse, iye anakasuma ku FIFA ndipo anawina, Lyon inalamulidwa kumupatsa ma euro opitirira 82,000. Nkhaniyi inamveka poyera mu January 2023. Chimene chimandikhudza ine n'chakuti ngati timu ya ndalama ngati imeneyo inayesa kuzemba, kuli bwanji timu yoyendera thumba la munthu mmodzi.

Chifukwa chani lamulo looneka losavuta chonchi linachedwa mpaka 2021?

Funso ili ndimalikonda chifukwa yankho lake likuonetsa kumene amayi achokera. Kwa zaka zambiri nkhondo sinali ya tchuthi, inali yoti angololedwa kulowa m'bwalo. Pa Olympics ya ku Paris mu 1900, yoyamba kukhala ndi amayi, analipo 22 okha pa anthu pafupifupi 1,000. Ku England mpira wa amayi unatchuka kwambiri nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse amuna atapita ku nkhondo, moti pa 26 December 1920 anthu 53,000 anadzaza Goodison Park kukaonera timu ya amayi a pa fakitale ya Dick, Kerr. Chaka chotsatira, mu December 1921, bungwe la mpira la kumeneko linaletsa amayi kusewera pa mabwalo ake ponena kuti mpira si woyenera akazi, ndipo chiletsocho chinakhala zaka pafupifupi 50. Ku Brazil, kwawo kwa mpira, boma lenilenilo linaletsa kuyambira 1941 mpaka 1979. Ku West Germany bungwe la mpira linaletsa kuyambira 1955 mpaka 1970.

Othamanga nawonso chimodzimodzi. Mu 1928 ku Amsterdam amayi anathamanga mamita 800, manyuzi anakokomeza kuti anafika ali lefu, mpikisanowo unachotsedwa mpaka 1960. Marathoni ya amayi pa Olympics inayamba mu 1984. World Cup ya amayi yoyamba inali mu 1991 ku China, pamene ya amuna inayamba 1930.

Ndipo mukafufuza chifukwa chimene ankapereka, kawirikawiri chinkazungulira pa chiberekero, akuti thupi la mkazi ndi lobereka, masewero amphamvu amuononga. Mawu omwewo agogo ena kumudzi amanenabe lero, mwana wamkazi akamamenya mpira sadzabereka. Ndiye onani mmene zinatembenukira, poyamba ankamuletsa kusewera poti adzalephera kubereka, atamulola kusewera anayamba kumuchotsa poti wabereka. Mbali zonse ziwiri wolakwa ankakhala mkazi yemweyo. Kunena zoona zinthu zasuntha, ku Paris mu 2024 malo a osewera anagawidwa theka amuna theka akazi, ndipo mu 2025 Kirsty Coventry wa ku Zimbabwe anasankhidwa kukhala mkazi woyamba komanso munthu woyamba wa mu Africa kutsogolera bungwe la Olympics. Koma pa ndalama mtunda ulipobe, World Cup ya amayi ya 2023 mphoto zonse zinali madola 110 miliyoni pamene ya amuna ku Qatar mu 2022 zinali 440 miliyoni.

Koma akochi ena amati munthu akabereka liwiro limatha, si zoona?

Ayi si lamulo la chilengedwe limenelo. Faith Kipyegon wa ku Kenya anabereka mu 2018, atabwerera anatenga golide wa mamita 1,500 ku Tokyo, n'kutenganso ku Paris mu 2024, kuphwanyanso ndi marekodi a dziko lonse ali mayi wa mwana. Shelly-Ann Fraser-Pryce wa ku Jamaica anabereka mu 2017, mu 2019 ku Doha anawina mamita 100. Chimene chimafunika ndi nthawi, chakudya chokwanira ndi kubwerera pang'onopang'ono, makamaka amene wachira ndi opareshoni asathamangire. N'chifukwa chake lamuloli limati akabwerera timu imulandirenso ndi kumupatsa chithandizo cha chipatala, osati kumuponya mu gemu tsiku loyamba kenako n'kumati mwaona watha. Komanso tisanamizane, mayi wa kuno amene amapalira mtedza mwana ali kumbuyo, wina angamuuze kuti kubereka kunamutha mphamvu?

Timu itani ngati wapita pa tchuthi ndi wapagolo yekhayo?

Ikuloledwa kulembetsa wina wogwirizira ngakhale msika utatsekedwa. Nayenso wobwerera ku tchuthi atha kulembetsedwa nthawi ina iliyonse osadikira msika.

Za kuyamwitsa ndi za kumwezi zilimo?

Zilimo. Mayi ali ndi ufulu woyamwitsa kapena kufinya mkaka pa nthawi ya ntchito ndipo timu imupezere malo abwino. Mu June 2024 anaonjezera zina, makochi aakazi nawonso anapatsidwa ufulu wa tchuthi cha masabata 14 chija, wotenga mwana kuti amulere mwalamulo amapatsidwa tchuthi malinga ndi msinkhu wa mwanayo, mpaka masabata 8 ngati sanakwane zaka 2. Ndiye pali iyi imene atsikana ambiri amachita nayo manyazi, wosewera amene akumva ululu kwambiri pa nthawi ya msambo atha kujomba kutrena kapena gemu osadulidwa ndalama. Akochi aamuna, izi muzimve bwino, mtsikana akati lero sindili bwino musamupanikize kuti afotokoze pagulu, ngati n'kotheka timu ikhale ndi mayi mmodzi wamkulu amene atsikana angamuuze zakukhosi.

Nanga ma timu athu akuno oti kontirakiti kulibe, timangogawana ya sopo tikawina?

Ili ndiye funso lenileni kwa ife, ndipo yankho lake ndi lowawa. Lamuloli limateteza wosewera amene FIFA imamutcha pulofeshonolo, kutanthauza amene ali ndi kontirakiti yolemba ndipo amalandira ndalama yoposa imene amaononga posewera. Wopanda pepala alibe pogwira, ngakhale atasewerera timu zaka zisanu. Ndiye achemwali, timu ya ku Lilongwe kapena kutsidya ku Chipata ikakuitanani n'kulonjeza salale, chinthu choyamba ndi pepala, muliwerenge ndi munthu wodziwa, musayine, ndipo kope yanu mutenge musunge kunyumba, osati zoti isungidwe ku ofesi yokha. Mwayi woitanidwa ukukula, CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa, inaika m'malamulo ake a layisensi kuti timu ya amuna yofuna kusewera zikho za Africa ikhale ndi timu ya amayi, Scorchers, timu ya amayi ya dziko lino, inatenga chikho cha COSAFA cha maiko a kummwera kwa Africa mu 2023 itagonjetsa Zambia 2-1, Temwa Chawinga anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 n'kusankhidwa wosewera bwino kuposa onse, maso a anthu ali pa atsikana a ku Malawi tsopano, ndipo pamene pali maso pamabweranso akathyali olonjeza za pakamwa.

Kwa ma timu a m'midzi, ngakhale FIFA singakufikeni, palibe chokuletsani kulemba m'malamulo a timu yanu kuti mayi akachira malo ake alipo, jezi yake ilipo. Sizifuna ndalama zimenezo.

Kodi si kulimbikitsa ana kutenga mimba?

Ayi. Lamuloli ndi la anthu akuluakulu amene mpira ndi ntchito yawo, ngati mmene aphunzitsi ndi anamwino amapitira ku tchuthi cha uchembere. Mwana wosakwana zaka 18 akatenga mimba imeneyo ndi nkhani ina, yofunika makolo, a chipatala, a zachisamaliro cha ana ngakhale apolisi, ndipo malamulo a dziko lino salola ukwati pa msinkhu umenewo. Wamupatsa mimbayo akakhala kochi kapena wa komiti, musabise pofuna kuteteza dzina la timu. Koma mwanayo akachira, sukulu imamulola kubwerera, ndiye timu isakhale yoyamba kumutsekera chitseko.

Zikavuta akadandaule kuti?

Ngati mukusewera kunja, monga Mmalawi ku timu ya ku Zambia kapena ku South Africa, mlandu umatha kupita ku bwalo la FIFA loweruza mikangano ya osewera ndi ma timu, wosewera salipira ndalama yotsegulira mlandu, koma musadutse zaka 2 chichitikire nkhaniyo chifukwa adzakana kuumva. Ngati ndi timu ya konkuno yambirani ku FAM, ndipo poti kontirakiti ya mpira ndi ya ntchito ngati ina iliyonse, ofesi ya leba ku Boma ndi khoti la Industrial Relations ziliponso. Mukamauza timu kuti ndinu oyembekezera lembani kalata kapena meseji, osangonena pakamwa, ndipo musunge kontirakiti, buku la ku sikelo, mameseji a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza mmene ankakulipirirani ndi mwezi umene anasiyira.