Munthu wa mtima wosakhazikika amatha kusintha

M'mabanja ambiri muno mu Chipata muli munthu amene abale anatopa naye. Lero akukukondani kwambiri, mawa mwangochedwa kuyankha foni wayamba kulira kuti mwamutaya. Akapsa mtima amaswa mbale, mwinanso kudzicheka pamkono ndi lezala. Ukwati sulimba, pantchito sakhalitsa. Ena amati analodzedwa, ena amati ndi mwano chabe, koma ambiri amangoti ndi mmene anabadwira.

Madokotala amalitchula vutoli kuti borderline personality disorder. Ndi limodzi mwa mavuto a maganizo amene amazika mizu m'khalidwe la munthu, ndipo nthawi zambiri limayamba kuoneka paunyamata. Si misala ayi. Kale madokotala nawonso ankaganiza kuti munthu wotere amafa nalo, koma atatsatira odwala kwa zaka zambiri anaona zina.

Pa chipatala cha McLean ku America, katswiri wa za maganizo Mary Zanarini ndi anzake anayamba mu 1992 kutsatira odwala 290, n'kumakumana nawo zaka ziwiri zilizonse. Pomwe zimakwana zaka 10, anthu 93 pa 100 alionse anali atakhalapo zaka ziwiri kapena kuposa zizindikiro zitachepa moti sakanawerengedwanso ngati odwala vutoli. Zimene zimayamba kuzilala ndi zoopsa zija, kudzivulaza ndi kuyesa kudzipha. Zokanirira ndi zamumtima: kusungulumwa, mkwiyo, mantha oti anthu amusiya yekha.

Koma pali mfundo imene abale ayenera kuimvetsa. Pa zaka 10 zomwezo, theka lokha la odwalawo ndi limene linafika pochira n'kumagwiranso ntchito kapena kuphunzira mokhazikika, komanso kukhala ndi munthu wapamtima. Mtima umayamba kukhazikika, koma moyo wa tsiku ndi tsiku umatsalira m'mbuyo. Apa ndi pomwe banja lingathandize kwambiri. Mupatseni kamunda kake, mumutenge pokagulitsa kumsika, musamuchotse pa misonkhano ya banja chifukwa cha zimene anachita zaka zisanu zapitazo.

Palibe piritsi lochiza vutoli. Chithandizo chenicheni ndi kukambirana mobwerezabwereza ndi mlangizi wophunzira za maganizo, amene amamuphunzitsa kupirira mtima ukawawa popanda kudzivulaza. Mowa ndi chamba zimangowonjezera moto.

Akanena zodzipha, chonde musati akungofuna kuti mumuone. Ena amadziphadi. Khalani naye, bisani mankhwala opopera thonje ndi a makoswe, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Yambirani pa kiliniki ya kwanu, iwo angakutumizeni ku Chipata Central Hospital, ndipo zikafunika, ku Chainama Hills ku Lusaka. Mungathenso kuimba 933, nambala yaulere ya Lifeline Zambia.