Tiyi wa Artemisia ndi madzi a nimu si LA: mwana akatentha thupi kayezetseni lero

Mvula yagwa, udzudzu wachuluka m'madambo a ku Chilwa ndi m'mbali mwa Likangala, ndipo mphekesera ija yabweranso. Akuti kuwiritsa masamba a Artemisia kapena a nimu n'chimodzimodzi kumwa LA, mankhwala a malungo a kuchipatala, poti "LA nayenso ngwa zitsamba". Makolo, mawu amenewa akuchedwetsa ana kufika kuchipatala.

N'zoona kuti mu Artemisia annua muli mankhwala otchedwa artemisinin, omwe Tu Youyou ndi anzake adawapeza ku China mu 1972. Kwinini nayenso adachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America. Koma artemisinin sasungunuka bwino m'madzi, ndipo kuchuluka kwake kumasiyana tsamba ndi tsamba. Mu kapu ya tiyi simungadziwe mlingo umene mwamwa. Komanso artemisinin amatha m'magazi patangopita maola ochepa. N'chifukwa chake m'piritsi la LA muli mankhwala awiri: artemether, wopangidwa kuchokera ku artemisinin, amapha tizirombo tambiri ta malungo msanga, pomwe lumefantrine amatsala masiku angapo kumalizitsa totsalira. Tiyi alibe wachiwiriyu. Thupi limazizira, mayi n'kumati mwana wachira, pomwe tizirombo tikuswana.

Nimu ndiye musamudalire n'komwe. Kuwawa kwake kumachokera ku zinthu monga nimbin, ndipo azadirachtin wa m'njere zake amagwira ntchito pa tizirombo ta m'munda. Kuwawa sikutanthauza kuti akupha malungo. Mafuta a nimu amatha kukomola mwana wamng'ono.

Palinso china. Mlingo woperewera umazoloweretsa tizirombo mankhwala. Chloroquine tidamusiya mu 1993 chifukwa adaleka kugwira ntchito, SP (Fansidar) naye adatsatira, LA n'kuyamba mu 2007. Tisamuwononge uyunso.

Mwana akatentha thupi, pasadutse maola 24. Pitani naye ku kiliniki ya m'mudzi kwa alangizi a zaumoyo kapena kuchipatala chapafupi, kaya ku Matawale kaya ku Domasi ngati muli ku Zomba. Kadontho ka magazi a pachala, mphindi 15 mpaka 20, zotsatira zatuluka. Musati "tione kaye mawa".

Akapezeka ndi malungo, LA amamwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu: koyamba pompo, kachiwiri pakatha maola 8, kenaka m'mawa ndi madzulo. Mapiritsi amawerengedwa potengera sikelo ya wodwala, choncho musagawire mwana wina. Mumwetseni atadya phala la nsinjiro kapena atayamwa, chifukwa lumefantrine amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta. Akasanza atangomwa, bwererani mukawauze. Amalize onse ngakhale wayamba kusewera.

Ngati akukomoka, akulephera kuyamwa, akusanza chilichonse, walefuka kapena zikhatho zayera, musatereke mphika wa masamba. Nyamukani ngakhale ndi usiku, akufunika jakisoni wa artesunate. Ndipo ngati mudamupatsa kale zitsamba, auzeni adokotala zimene wamwa komanso nthawi yake, musabise.